Asilikali a Keyala ndi Mtunda wa ku Chipatala

Chaka ndi chaka, m'mwezi wa Novembala, lipenga limalira pa nsanja ya chikumbutso ku Zomba, ndipo akuluakulu amaika nkhata za maluŵa pokumbukira ana a dziko lino amene anatsala kunkhondo. Ife a kuno ku Phalombe mwambowu timangoumvera pa wailesi. Komatu ena mwa amene anabwerako amoyo anali agogo athu, ndipo nkhani yawo sinathere pa lipengapo.

Gulu la King's African Rifles, limene makolo ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902. Nkhondo yoyamba, ija ya Chiwaya, inafika ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo kuwonjezera pa asilikali, amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga. Mwa amene anafa, ochuluka anaphedwa ndi kamwazi, malungo ndi njala, osati chipolopolo. M'busa John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake ya mu Novembala 1914 kuti osauka ndiwo akutumizidwa kukafera nkhondo ya eni, kusiya akazi ndi ana pa umphaŵi.

Pa nkhondo yachiŵiri anyamata athu anamenya ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944. Tiime pang'ono pamenepa. M'nkhalango za ku Burma msilikali ankamwetsedwa mbulu wa mepacrine tsiku ndi tsiku kuti malungo asamugwetse. Akavulala, dokotala ndi machira zinali pafupi. Mnyamata wa ku Chiringa amene kwawo sanaonepo dokotala anasamalidwa chotero chifukwa thupi lake linali lofunika kwa mfumu ya ku England. Nkhondo itatha mu 1945, ambiri anapatsidwa mendulo ndi kandalama ka kamodzi, nabwerera kumudzi ndi makutu ogontha, zilonda zonyeka ndi maloto oipa amene panalibe woŵafunsa. Thupi lija linasanduka katundu wa mkazi wake ndi adzukulu.

Sitikunena kuti anaiŵalidwa kotheratu. Pafupi ndi nsanja ija ku Zomba panamangidwa nyumba za asilikali okalamba, ndipo bungwe la asilikali akale lakhala likupereka thandizo. Koma nyumbazo n'zoŵerengeka, ndipo nkhalamba yachilomwe siisiya msanga munda ndi manda a makolo ake.

Tsono wotsala kumudzi ankaloŵera kuti? Mpaka 1998 Phalombe anali mbali ya boma la Mulanje, ndipo chipatala chachikulu cha boma chinali kuseri kwa phiri. Chapafupi chinali cha mishoni cha Holy Family, chimene chinasenza odwala a chigwa chonse kwa zaka zambiri. Koma kumishoni pamafunika kangachepe, ndipo mendulo silipira mankhwala. Lero ku Migowi kuli chipatala chachikulu cha boma, chotchedwa dzina la Chilembwe yemwe uja. Kwa a Keyala chinabwera dzuŵa litapendeka: amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927.

Koma asilikali opuma sanathe ai. Alipo amene analondera njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, alipo obwera ku Congo. Iwoŵa akukalamba ku Nambazo ndi ku Nkhulambe, kumene mvula ikagwa msewu umaduka, monga tinaonera pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. M'maganizo athu, chofunika si nyumba ina ku Zomba, koma kuti chipatala chiziŵapeza komwe ali: alangizi a zaumoyo aziŵadziŵa maina, ndipo galimoto yobwera kusikelo ya ana izinyamulanso mankhwala a BP, a shuga ndi a nyamakazi, pamodzi ndi namwino wodziŵa kumvetsera munthu wosagona tulo. Kulemba mainawo ndi ntchito yoti mafumu ndi miphakati yathu angathe kuiyamba mvula isanagwe.