OHM: DZINA LA MTSINJE, LA MALUME, KOMANSO LA CHOMWE CHINAPSEREZA AMPULIFAYA YATHU

Anzanga a mu kalabu, ndiyambe ndi kuvomera mlandu, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwakhala mukufunsana m'makona. Ampulifaya yathu ija sinafe ndi ukalamba ayi, ndipo magetsi sanalakwe kalikonse. Ndinaipsereza ndine. Tsiku la sewero lija ndinkafuna kuti mawu amveke mpaka kumsika, ndiye ndinabwereka masipika ena awiri n'kuwaphatikiza ndi athu awiri aja, onse anayi pa malo amodzi olumikizira. Tinavina nyimbo ziwiri zokha, kenako kafungo ka pulasitiki wopsa, basi zii.

Nditapita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi, iwo sanachedwe. Anatembenuza sipika n'kundiloza pomwe palembedwa 8 Ω, kenako kumbuyo kwa ampulifaya pomwe palembedwa 4 Ω. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe, si walemba Fomu 4 chaka chathachi? Za Ohm simunaphunzire?" Manyazi anandigwira. Tinaphunzira ndithu, ndipo V = IR ndinaloweza ngati pemphero, koma ndinkaona ngati ndi zolembera mayeso basi. Usiku womwewo ndinagula bando n'kuyamba kufufuza kuti Ohm ameneyu anali ndani. Zomwe ndinapeza ndi zomwe ndakulemberani muno, chifukwa dzina limodzi lomweli ndinalipeza pa mapu, pa migolo ya vinyo, m'banja, m'buku la masamu komanso pa chida cha okonza mawailesi.

Tiyambe ndi pa mapu. Ku Germany, m'chigawo cha Hesse, kuli mtsinje wotchedwa Ohm. Si waukulu ngati Shire, kutalika kwake ndi pafupifupi makilomita 60. Umayambira m'mapiri a Vogelsberg n'kukathira mu mtsinje wa Lahn, pafupi ndi mzinda wa Marburg. M'mbali mwake muli midzi ya Ober-Ohmen ndi Nieder-Ohmen, kutanthauza Ohmen wakumtunda ndi Ohmen wakumunsi. Kulinso tauni yomwe imalembedwa kuti Homberg (Ohm). Dzina la mtsinjelo analiika pamenepo chifukwa ku Germany kuli ma Homberg angapo, ndiye pamafunika kusiyanitsa. Tauni ina ndi Amöneburg, yomwe ili pamwamba pa phiri moyang'ana mtsinjewu, ndipo dzina lake linachokera ku Amana, lomwe ndi dzina lakalekale la mtsinje wa Ohm. Mmishonale wa ku England, Boniface, anakhazikitsa kanyumba ka amonke kumeneko m'chaka cha 721.

Ine nditaona zimenezi ndinafulumira kuganiza kuti matauniwa anawatcha polemekeza wasayansi uja, monga momwe Livingstonia inatengera dzina la David Livingstone. Ndinalakwanso kachiwiri. Tawerengerani nokha: Boniface anafika ku Amöneburg mu 721, pomwe wasayansiyo anabadwa mu 1789. Mtsinje unali kale ndi dzina lake zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe, ndipo kwawo kunali ku Erlangen, dera lina. Kufanana dzina sikutanthauza chibale. Ngakhale kuno kwathu, si a Banda onse omwe amadyera mbale imodzi, eti?

Ohm wachiwiri ndi muyeso. Kale malita asanafale, amalonda a ku Germany ankayeza vinyo ndi mowa pa ma ohm. Ohm imodzi inali ngati mgolo wa malita apakati pa 130 ndi 160, kutengera dera, chifukwa mzinda uliwonse unali ndi muyeso wakewake. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza ndowa. Zili ngati momwe timagulira chimanga pa ndowa, ndipo mukudziwa kuti ndowa ya msika uno ndi ya msika winawo sizifanana kwenikweni.

Wachitatu ndiye anandisangalatsa kwambiri. M'Chijeremani chakale muli mawu akuti Oheim, omwe pofupikitsa ankati Ohm, ndipo poyambirira ankatanthauza mchimwene wa mayi ako. Inde, malume, atsibweni enieni! Anthu amenewa nawonso ankasiyanitsa mchimwene wa mayi ndi mchimwene wa bambo ngati ife, mpaka mawu akuti Onkel, ochokera ku Chifalansa, anadzaphimba onse awiri. Abale athu omwe ali ku South Africa amamva mawu akuti Oom m'Chiafrikaans, poitana munthu wamkulu mwaulemu. Ndi mawu a banja limodzi ndi Ohm ameneyu.

Tsopano tifike pa munthu amene dzina lake lili pa sipika yathu. Georg Simon Ohm anabadwa pa 16 March 1789 ku Erlangen. Bambo ake, Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wokonza maloko ndi makiyi, ndipo mayi ake anali mwana wa telala. Pa ana asanu ndi awiri, atatu okha ndi omwe anakula: Georg, mng'ono wake Martin ndi mlongo wawo Elizabeth Barbara. Mayi awo anamwalira Georg ali ndi zaka 10. Bambowo sanapite patali ndi sukulu, koma ankadziwerengera okha mabuku a masamu, sayansi ndi filosofi, n'kumaphunzitsa ana awo pakhomo. Masamu enieni anyamata awiriwa anawaphunzira kwa bambo awo, osati m'kalasi.

Musaganize kuti Georg anali mwana wosalakwa. Mu 1805 analowa yunivesite ya Erlangen, koma m'malo mowerenga anatengeka ndi madansi, masewera a biliyadi ndi kutsetsereka pa madzi oundana. Atangotha masemesita atatu, bambo ake anakwiya poona mwayi womwe iwo sanaupeze ukuseweretsedwa, ndipo anamutumiza ku Switzerland. Kumeneko mu 1806 anayamba kuphunzitsa masamu pa sukulu ina ali ndi zaka 17. Anapitiriza kudziwerengera yekha mabuku a akatswiri monga Euler ndi Laplace, ndipo mu 1811 anabwerera ku Erlangen n'kupeza digiri ya udokotala. Ngakhale zinali choncho, ndalama zinali zosakwanira, moti anakhala mphunzitsi wa sukulu zaka zambiri, poyamba ku Bamberg, kenako kuyambira 1817 ku Cologne, pa sukulu yomwe inali ndi labotale yabwino.

Ku Cologne n'kumene anayamba kufunsa funso lomwe lero timaliona ngati lophweka: kodi n'chiyani chimachititsa kuti magetsi ambiri kapena ochepa adutse mu waya? Vuto linali lakuti mabatire a nthawi imeneyo sankakhazikika, mphamvu yake inkasintha munthu ali mkati moyeza. Mkonzi wa magazini ina ya sayansi, Johann Christian Poggendorff, anamulangiza kuti agwiritse ntchito njira ina. Ukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, monga kopa ndi bismuth, n'kuika mfundo imodzi m'madzi owira ndipo ina mu ayezi, pamatuluka mphamvu ya magetsi yaing'ono koma yosasintha. Ohm anachita zimenezo mu 1826. Ankalumikiza mawaya a kopa otalika mosiyanasiyana, n'kumaona kuti kasingano ka maginito komwe anakapachika pamwamba pa waya kakhota bwanji. Waya akatalika, kasingano kankakhota pang'ono. Anaona kuti kusinthako kumatsatira lamulo lomwe lingalembedwe m'masamu.

Lamulolo tiliganizire chonchi. Tayerekezani thanki ya madzi ndi paipi. Voltage ndi mphamvu yomwe ikukankha madziwo, current ndi kuchuluka kwa madzi omwe akudutsa, ndipo resistance ndi kuthina kwa paipi. Ukawonjezera kukankha, madzi amachuluka. Paipi ikathina, madzi amachepa. Ndiye current imapezeka pogawa voltage ndi resistance. Batire ya sola ya 12 V ukailumikiza ku chinthu cha 6 Ω, mudutsa 2 A. Ukailumikiza ku cha 3 Ω, mudutsa 4 A. Resistance ikatsika ndi theka, current imawirikiza kawiri.

Mu 1827 Ohm anatulutsa buku lake ku Berlin, lotchedwa Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet, kutanthauza kufotokoza njira ya magetsi pogwiritsa ntchito masamu. Ankayembekezera kuti bukuli limupezetsa ntchito ku yunivesite. Sizinatero. Asayansi ambiri a ku Germany panthawiyo sankakonda kuti nkhani za chilengedwe zizifotokozedwa ndi masamu ochuluka chonchi, ndipo ena analinyoza poyera. Mu 1828 Ohm anasiya ntchito yake ya ku Cologne, n'kukhala ku Berlin akuphunzitsa maganyu a malipiro ochepa. Ntchito yokhazikika anadzaipeza mu 1833 pa sukulu ya zaumisiri ku Nuremberg. Ulemu unayambira kunja: mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Mpando wa pulofesa wa fizikisi pa yunivesite ya Munich, womwe anaulakalaka moyo wake wonse, anaupeza mu 1852 ali ndi zaka 63. Anamwalira pa 6 July 1854, patangopita zaka ziwiri.

Pali kanthu kena apa komwe ndikufuna tikaone bwino. Wasayansi wa ku England, Henry Cavendish, anali ataona kale mgwirizano wofanana ndi womwewu cha m'ma 1781, poyesa magetsi pa thupi lake lomwe. Koma anangosunga m'makope ake osauza anthu, mpaka James Clerk Maxwell anadzasindikiza zolemba zakezo mu 1879. Lamuloli lili ndi dzina la Ohm chifukwa iye anayeza mosamala, analemba, n'kuika poyera, ngakhale anamuseka.

Nanga mng'ono wake uja? Martin Ohm, wobadwa mu 1792, anakhala pulofesa wa masamu ku Berlin. Iye amakumbukiridwa pa nkhani ya kagawidwe ka mzere. Ukadula ndodo pawiri mwa njira yakuti ndodo yonse poiyerekeza ndi chidutswa chachikulu ifanane ndi chidutswa chachikulu poyerekeza ndi chaching'ono, umapeza nambala ya pafupifupi 1.618. Agiriki ankaidziwa kale kuyambira nthawi ya Euclid, koma dzina lakuti goldener Schnitt, kudula kwa golide, limapezeka m'buku la Martin Ohm lomwe linatuluka mu 1835. Ndiye mukamva za golden ratio, dziwani kuti mwana wachiwiri wa wokonza maloko uja alimo m'nkhaniyo.

Dzinali linafika bwanji pa zida? Georg atamwalira, mawaya a telegalafu anali akufalikira, ena akuyalidwa pansi pa nyanja, ndipo mainjiniya ankafunika muyeso umodzi wa resistance womwe aliyense angagwirizane nawo. Mu 1861 mainjiniya awiri a ku Britain, Latimer Clark ndi Charles Bright, anapereka ganizo lakuti miyeso ya magetsi izitchedwa mayina a asayansi otchuka. Mu 1881 msonkhano wa mayiko pa nkhani za magetsi womwe unachitikira ku Paris unavomereza ohm ngati muyeso wa resistance. Chizindikiro cha Ω ndi chilembo cha Chigiriki chotchedwa omega, ndipo anachisankha chifukwa chimamveka ngati ohm. Chida choyezera resistance chimatchedwa ohmmeter, ndipo masiku ano chimakhala mkati mwa multimeter, kamita kachikasu kapena kakuda kamene mumakaona pa tebulo la wokonza mafoni. Kamatumiza current yaing'ono mu chinthu chomwe ukuyeza, n'kuona voltage, kenako n'kuwerengera lamulo lomweli. N'chifukwa chake poyeza resistance uyenera kuzimitsa ndi kuzula kaye chinthucho ku magetsi, apo ayi uwononga mita kapena udzivulaza. Lero ku Nuremberg sukulu yaukachenjede ya zaumisiri imatchedwa dzina la Georg Simon Ohm, ndipo ngakhale kuseri kwa mwezi kuli chigwa chotchedwa Ohm.

Tibwerere ku ampulifaya yathu. Masipika ukawalumikiza mbali ndi mbali, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, uli ngati watsegula mapaipi ambiri pa thanki imodzi. Awiri a 8 Ω amapanga 4 Ω, ndipo apo ampulifaya yathu inkakwanitsa bwinobwino. Anayi amapanga 2 Ω. Ine ndinaikakamiza kutulutsa current yowirikiza kawiri kuposa malire ake, ndiye inatentha mpaka kupsa. Samu ya Fomu 3, yomwe ndikanaichita pamtima m'masekondi khumi.

Ambiri mwa ife tili pakhomo, ena tikudikira masankho a ku koleji, ena tikuganiza zobwereza mayeso, ndipo makope a fizikisi tinawaponya pansi pa bedi. Ine langa ndalitulutsa. Georg anasiya yunivesite pa semesita yachitatu ndipo anadikira zaka 25 kuchokera pomwe buku lake linatuluka kuti apeze mpando womwe ankaufuna, koma nthawi yonseyo sanasiye kuwerenga ndi kuyeza.

Pa za ndalama yokonzetsera, ndalankhula kale ndi a tcheya ndi a msungichuma, ndipo ndilipira theka kuchokera ku maganyu anga. Theka linalo tikambirana pa msonkhano wa Loweruka. Bambo okonza mawailesi aja avomera kutibwereka multimeter tsiku limenelo, ndiye amene muli ndi chaja yakufa, mahedifoni osamveka mbali imodzi kapena waya wokayikitsa, bwerani nazo tidzayezere limodzi. Ndipo aliyense amene adzagwire zoimbira za kalabu kuyambira pano, chonde, ayambe watembenuza sipika n'kuwerenga nambala yomwe ili pafupi ndi Ω.