Za Nthano Zochokera Kutsidya kwa Nyanja ndi Magawo Ache Otsatira

Zaka zingapo zapitazo, tsiku la msika, ndinaima pa khonde la sitolo ina m'dera la Mfumu Kadewere kuyembekeza kuti mvula ikate, ndipo pambali panga panali anyamata atatu a sukulu amene anali pa mkangano waukulu. Mmodzi anali kunena kuti Rambo ndi Commando ndi ana a mimba imodzi. Wina anali kukana, nati Commando ndiye Terminator yemwe uja, koma asanasanduke chitsulo. Wachitatu, amene anaoneka wamkuluko, anaweruza mlanduwo ponena kuti onse awiri adikire gawo lachiwiri, pakuti m'menemo ndimo zonse zidzamvekera. Ndinaseka, koma pobwerera kwathu ndinayamba kulingalira kuti anawo sanali kulakwa kweni-kweni. Iwo anali kuchita ndi nthano zachilendo zomwe makolo ao akhala akuchita kuyambira pamene chithunzithunzi choyenda chinaoneka m'dziko muno, ndipo mbiri ya mchitidwe umenewu iyenera kudziwika kwa ife amene tiphunzitsa chinenero.

Anthu a boma la Chiradzulu sanayambe dzulo kulandira zinthu zakutsidya kwa nyanja. M'chaka cha 1900 John Chilembwe anabwera kuchokera ku Amereka nakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ndipo ansembe a chipani cha Montfort anamanga mishoni yao pa Nguludi. Komanso m'midzi momwemo mukhala Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kotero kuti munthu woima pakati nkumasulira mau a wina si mlendo pa bwalo la milandu, m'chalichi kapena pa maliro. Tikumbukire munthu ameneyu, pakuti mbiri yonse ya kanema kuno ndi mbiri yache.

Kuyesa koyamba kopanga zithunzithunzi zoti anthu akuda a chigawo chino aziona kunachitika m'zaka za 1935 mpaka 1937, pa nchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment. Atsogoleri ache anali L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, ndalama zambiri zinachokera ku Carnegie Corporation ya ku Amereka, ndipo zithunzizo anajambulira ku Tanganyika, nazitenga pa galimoto kukazionetsa ku Northern Rhodesia, kuno ku Nyasaland, ku Kenya ndi ku Uganda. Zithunzizo zinali zosalankhula. Mau ofotokoza anawaika pa zimbale za galamafoni m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo china mwa izo chinali Chinyanja. Nkhani zache zinali za kusunga ndalama ku positi ofesi, za msonkho, za ulimi ndi za ukhondo. Ndiko kunena kuti zinali phunziro lobvala malaya a nthano.

M'chaka cha 1948 kunabadwa Central African Film Unit, likulu lache ku Salisbury, yotumikira maiko onse atatu amene pambuyo pache analowa m'chitaganya. Iyi ndiyo inadzaza magalimoto a kanema amene achikulire athu akumbukira: chinsalu choyera chomangidwa pa bwalo la sukulu, injini ikulira kumbuyo, ndi munthu mmodzi wokhala ndi chimkuzamau akufotokoza zochitika. Pakati pa zithunzi zache panali cha mnyamata wa kumudzi, Mulenga Goes to Town, amene anapita ku tauni nakumana ndi mabvuto, ndipo chinatsatidwa ndi china, Mulenga Gets a Job. Kodi si gawo lachiwiri limenelo? Eni nchito anali ataona kale kuti munthu amene owonerera amkonda ayenera kubweranso. Koma mphamvu yeni-yeni inali pa lilime la womasulira uja. Akakhala wanthabwala, phunziro la kukumba migula linali kusanduka sewero, ndipo akuluakulu a boma anali kudandaula kawirikawiri kuti anthu aseka pamene sanayenera kuseka. Pamene anthu a Nyasaland anakana chitaganya cha 1953, anayambanso kukayika magalimoto amenewa powaona ngati pakamwa pa boma limene sanalifune, ndipo bungwelo linatha pamodzi ndi chitaganya m'chaka cha 1963.

Komatu kanema amene anawagwira mtima anthu athu sanali wa boma ai. Amuna ambiri a kuno anapita kukagwira nchito ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ndipo m'makomponi a kumeneko anali kuona zithunzi za abusa a ng'ombe a ku Amereka, okwera akavalo ndi omenya nkhonya. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954 kuphunzira za moyo wa anthu a pa mgodi, analemba zambiri za chikondi chimenechi. Chodabwitsa ndi ichi: owonerera anali kutchula ngwazi ya chithunzi chilichonse dzina limodzi, Jack. Nkhope isinthe, kavalo asinthe, amene anapanga chithunzicho akhale ena, kwa iwo anali Jack yemweyo atabweranso. Chingerezi cha m'zithunzimo sanali kuchimva bwino, ndiponso oyang'anira a boma anali kudula zigawo zambiri kotero kuti nkhani inali kufika yoduka-duka. Tsono anthu anailumikiza okha. Chithunzi chilichonse chatsopano chinasanduka gawo lotsatira la nthano imodzi yaitali imene mwini wache sanali ku Hollywood, koma pa mabenchi a m'komponi.

Ine ndiganiza kuti anthuwo sanabvutike kuchita zimenezi chifukwa anali ana a Kalulu. M'nthano zathu Kalulu anyenga Njobvu lero, mawa agwidwa pa chitsime ndi Kamba, mkuja ali pa ubwenzi ndi Fisi, ndipo palibe mwana amene anafunsapo agogo ache kuti nthano yoyamba ndi iti, kapena kuti Kalulu amene anadulidwa mchira dzulo waupezanso kuti. Wonena akati "Padangotero," ife nkuyankha "Tili tonse," zonse zayambanso mwatsopano. Chimene chilumikiza nthanozo ndi khalidwe la mwini nkhani. Kalulu akakhala wopusa tsiku lonse, pamenepo ndiye ana adzakana, nati agogo anama. Koma za ndondomeko ya masiku alibe nazo kanthu.

Ufulu utabwera, zithunzi zakunja zinapitirira kulowa pa chipata chopapatiza. Lamulo la 1968 loyang'anira mabuku ndi zosangalatsa linapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa kapena kudula chithunzi chilichonse, ndipo dziko lathu linakhala lopanda wailesi ya kanema yacheyache kufikira pa 1 April 1999. Nyumba za kanema zinali m'mizinda, ndipo wa kwa Kadewere wofuna kuona anayenera kukhala ndi ndalama ya basi yopita ku Limbe kapena ku Blantyre. Chimene chinagumula mpanda ndicho makina a vidiyo. Kuyambira cha m'ma 1990, m'misika ya m'bomali monga Namitambo, Mbulumbuzi ndi Namadzi munayamba kuoneka tizinyumba tamdima, zitseko zophimbidwa ndi nsalu, chimkuzamau chili panja kuitana odutsa ndi phokoso la mfuti. Mwini wache anali kuonetsa tepi imene waipeza, osati imene iyenera kuyamba. Motero ambiri anaona Rambo III wa 1988 asanaone First Blood wa 1982. Anaona Terminator 2 wa 1991, m'mene munthu wachitsulo uja ateteza mwana John Connor, ndipo pambuyo pache pokumana ndi The Terminator wa 1984, m'mene nkhope yomweyo ifuna kupha amai a mwanayo, anangoti bwenzi lija lapanduka. Nkhani inabwerera chammbuyo, koma inamvekabe.

Kumene zithunzizi zichokera, nkhani ya magawo otsatira ndi ya ndeu. Terminator 2 anatha ndi chiyembekezo chakuti anthu angathe kupewa nkhondo ya makina. Terminator 3 wa 2003, amene sanatsogoleredwe ndi James Cameron, anati nkhondoyo inangochedwa, ndipo ambiri anakwiya kuti chiyembekezo chao chalandidwa. Wa 2019, Dark Fate, anapha John Connor pachiyambi penipeni, nakhala ngati magawo atatu a pakati sanachitike konse. Za Star Wars ndiye zoposa. Chithunzi cha 1977 anadzachitcha gawo lachinai, gawo loyamba linadza m'chaka cha 1999, ndipo The Last Jedi wa 2017, amene anaonetsa Luke Skywalker ali nkhalamba yotaya mtima yobisala pa chisumbu, anagawa okonda nthanoyo pawiri kufikira lero. Koma chimene chinandidabwitsa ine koposa ndi ichi: kampani ya Disney itagula Lucasfilm m'chaka cha 2012, kunalengezedwa m'chaka cha 2014 kuti mabuku ambirimbiri a nthanoyo olembedwa kale sali m'gulu la zimene "zinachitikadi." Taganizani mfumu itaitana mudzi nkulamula kuti nthano ya Kalulu ndi chitsime yafafanizidwa kuyambira lero! Kumeneko nthano ili ndi mwini wache wolembedwa m'kaundula, ndipo mkwiyo wa owonerera ndi mkwiyo wa anthu amene akonda munda umene si wao.

Masewera a pa kanema analowa pa njira yomweyo ya amalonda ndi ya obwera ku Joni. Kampani ya Nintendo inatulutsa makina ache otchedwa Famicom ku Japan m'chaka cha 1983, ndipo amene anafika m'manja mwa ana ambiri a maiko osauka anali otengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China, pamodzi ndi timakaseti tolonjeza masewera zikwizikwi, chinkana m'katimo munali ochepa obwerezabwereza. Pambuyo pache kunadza PlayStation, amene anayamba ku Japan m'chaka cha 1994, ndipo pa misika imene magetsi anafika, m'tizinyumba tina anyamata anayamba kulipira kuti asewere mpira kapena nkhonya. Mpira wa FIFA unali kutuluka watsopano chaka ndi chaka kuyambira 1993, ndipo palibe anadandaula, pakuti mpira ulibe gawo loyamba.

Koma ulipo mtundu wina wa masewera umene sunamere mizu kuno, ndiwo uja wosewera alowa m'thupi la ngwazi, nayenda ulendo wa maola makumi anai kapena kuposa, akulankhula ndi anthu a m'midzi ya m'nthanomo ndi kukula mphamvu pang'ono-pang'ono. Wotchuka mwa iwo ndi Final Fantasy, wa kampani ya Square, woyamba m'chaka cha 1987. Mbiri yache ifanana ndi yathu modabwitsa. Magawo ena sanamasuliridwe m'Chingerezi pa nthawi yache, motero gawo lachinai linagulitsidwa ku Amereka m'chaka cha 1991 ngati lachiwiri, lachisanu ndi chimodzi linagulitsidwa m'chaka cha 1994 ngati lachitatu, ndipo m'chaka cha 1997 anthu anadzidzimuka kulandira lachisanu ndi chiwiri. Osapirira anali kuitanitsa makaseti ku Japan nkumasewera ndi buku lomasulira mau pa miyendo, ndipo ena anagwirizana namasulira okha gawo lachisanu m'Chingerezi popanda chilolezo cha eni ache. Azungu nawonso, tsono, analawa za kukhala kunja kwa chinenero. Ndiponso gawo lililonse la masewerawa lili ndi dziko lina ndi anthu ena. Zimene zibwerera ndi zizindikiro zochepa, monga mbalame yaikulu yokwerapo ndi munthu wotchedwa Cid. Mwana wa Kalulu akadamva msanga dongosolo limeneli. Chimene chamletsa ndi ziwiri: sangalipire maola makumi anai pa makina a mwini, ndipo nthano yonse yagona m'mau olembedwa m'chinenero chimene iye alimbana nacho m'kalasi.

Zithunzi zinapeza njira imene masewera sanaipeze. M'zaka za m'ma 2010 kunachuluka anyamata otchedwa ma DJ amene atenga kanema wa ku China, ku India, ku Korea kapena ku Amereka, naika mau ao a Chichewa pamwamba, ndipo anthu agula pa timakhadi ta m'foni. Ameneyu ndi womasulira wa pa galimoto uja atabadwanso. Apatsa ngwazi dzina la kwathu, asandutsa mzinda wachilendo kukhala Ndirande kapena Limbe, adula kanema wautali m'magawo amene mwini wache sanawalote, ndipo owonerera afunsa dzina la DJ asanafunse dzina la chithunzi. Sindibisa kuti nchito yao ili ndi zilema. Ambiri alibe chilolezo cha eni zithunzi, chimene chitsutsana ndi lamulo la 2016 loteteza eni luso. Ena atukwana pamaso pa ana. Ena pamene sanamve angopeka. Koma aphunzitsi anzanga amene anyoza zonsezi atchere khutu tsiku limodzi. Adzamva mneni wosankhidwa bwino, mwambi woponyedwa pa nthawi yache, ndi mau atsopano a zinthu monga chombo cha m'mlengalenga kapena munthu wa waya, amene palibe komiti ya chinenero inawakhalira pansi. Ine ndinalemba mau otere okwana tsamba lathunthu madzulo amodzi, nditakhala pa benchi lakumbuyo pakati pa ogulitsa nzimbe.

Madzulo omwewo, potuluka, ndinasuzumira m'chipinda cha masewera chimene chinali pafupi. Mnyamata wina anali atapeza sewero la ulendo lija pakati pa a mpira, ndipo pa galasi panali nkhalamba ya ndebvu ikumuuza mau ambiri a Chingerezi, mizere inai, kenaka ina inai. Iye anali kungodinya batani msanga-msanga kuti nkhalambayo ithe kulankhula afike pomenyana, pakuti nthawi imene analipira inali kutha, ndipo anzache awiri anali ataima kumbuyo kwache ndi ndalama zao m'manja.