Bawo: nkhondo ya pathabwa imene inabwera ndi amalonda a minyanga

Aliyense woyenda pa msewu wa Bakili Muluzi, wodzera pa Nsanama, Ntaja ndi Nselema mpaka kukatulukira ku Chiponde ndi Mangochi, amadziwa kuti malo a malonda a m'derali sasowa kagulu ka abambo owerama pansi pa mtengo kapena pakhonde la sitolo. Pakati pawo pamakhala thabwa la maenje 32. Osewera amakhala awiri, koma aphungu amachuluka, aliyense akuloza dzenje lake ndi kulumbira kuti akanakhala iye, mdani akanagona kalekale. Limeneli ndiye bawo, masewera amene Machinga ndi Mangochi angawatche awoawo.

M'nyumba zambiri muli mathabwa ena amene saonanso dzuwa. Ali kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi, m'mphepete mwa maenje mutasalala ndi zala za agogo amene anatisiya. Munthu akalitulutsa thabwa lotere n'kulipukuta, amakumbukira zambiri: phokoso la nkhomo zikugwera m'maenje, kuseka kwa akuluakulu, ndi mwana wotumidwa kukatola nkhomo yogwera pansi. Koma funso limabwera akafuna kusewera. Kodi m'dzenje lotchedwa nyumba timayika nkhomo zingati? Nanga kutakata kumayamba pati? Thabwa lilipo, koma wodziwa malamulo onse sapezeka msanga.

Ku Ulaya nakonso ali ndi masewera a nkhondo a patebulo. M'chaka cha 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewera ophunzitsira kayendetsedwe ka asilikali pamapu. Mu 1913 mlembi wa ku Britain, H.G. Wells, anatulutsa buku lotchedwa Little Wars lofotokoza malamulo omenyanitsira tizidole ta asilikali. Lero madoda a kumeneko akapeza tizidole tawo takale m'mabokosi, amapezamonso buku la malamulo, n'kuyambiranso pamene analekera. Ife buku lathu linali m'mitu ya akulu.

Njira ya ku Kilwa

Bawo ndi la m'banja lalikulu la masewera ofesa timbewu m'maenje, amene amapezeka pafupifupi mu Africa yense. Mtundu wa mizere inayi ndiwo unafala kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Mu 1658 Étienne de Flacourt, Mfalansa amene anakhala ku Madagascar, analemba za masewera a maenje 32 amene anawaona pachilumbapo. Ku Mombasa, mlakatuli wotchuka wa Chiswahili, Muyaka bin Haji, amene anakhalako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anapeka ndakatulo yonena za masewerawa. Izi zikusonyeza kuti m'mphepete mwa nyanja ya mchere bawo linali litazika kale mizu.

Amene analibweretsa kuno ndi Ayao. Kwa zaka zambiri iwo ndiwo anali amalonda a mtunda wautali, onyamula minyanga ya njovu kupita ku Kilwa ndi madoko ena, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malonda omwewo, tisabise, anadzaphatikizanso akapolo. Paulendo wa miyezi yambiri, komanso podikira mitengo ya katundu kugombe, amalondawa anaphunzira zambiri kwa Aswahili: kavalidwe, kamangidwe ka nyumba, chipembedzo cha Chisilamu, ndi bawo. Mawu amene osewera amagwiritsa ntchito mpaka lero, monga mtaji ndi kutakata, ndi omwewo amene amamveka ku Zanzibar.

Cha m'ma 1850 ndi 1860 magulu a Ayao, makamaka Amachinga amene boma la Machinga linatengerako dzina, anasamuka kumpoto kwa Mozambique n'kudzakhazikika kum'mawa kwa mtsinje wa Shire ndi kummwera kwa nyanja ya Malawi. Mafumu monga Kawinga, Liwonde, Jalasi, Mponda ndi Makanjira anamanga midzi ikuluikulu. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston anathamangitsa Kawinga paphiri la Chikala ndi Jalasi paphiri la Mangochi, ndipo malonda a kugombe anazilala. Maulendo anatha, koma bawo linatsala m'midzi, ndipo linafalikira kwa Achewa, Alhomwe, Angoni ndi mitundu ina.

Mmene nkhondoyi imamenyedwera

Thabwa lili ndi mizere inayi ya maenje 8, ndipo aliyense amalamulira mizere iwiri. Nkhomo zonse ndi 64, aliyense 32. Pamzere wakutsogolo pali dzenje limodzi la ngodya zinayi lotchedwa nyumba. Ku Zanzibar amayambira ndi nkhomo 6 m'nyumba, koma kuno timayikamo 8, ndi ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatira kudzanja lamanja. Zotsala 20 zimakhala m'manja.

Gawo loyamba, wosewera amatenga nkhomo imodzi m'manja n'kuiponya m'dzenje la kutsogolo limene muli kale nkhomo. Ngati dzenje la mdani lopenyana nalo lilinso ndi nkhomo, amazidya, n'kuyamba kuzifesa kuchokera kumapeto kwa mzere wake. Pakakhala podya, saloledwa kukana. Pakasowa podya, ndiye amatakata, kungoyendetsa nkhomo zake. Za m'manja zikatha, masewera amalowa gawo lachiwiri la mtaji, pamene munthu amanyamula dzenje lonse n'kumafesa. Wogonja ndi amene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena amene watsala ndi nkhomo imodziimodzi zosatheka kuyenda.

Apa ndi pamene bawo limasiyana ndi ntchuwa kapena nsolo, masewera amene makolo ankakumba maenje pansi n'kugwiritsa ntchito timiyala. Mu ntchuwa, zimene wadya umazichotsa pabwalo. Mu bawo, nkhomo zogwidwa sizifa. Zimalowa mbali yako n'kuyamba kukumenyera nkhondo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake munthu amene amaoneka ngati watha akhoza kudzuka ndi kuyenda kumodzi, ndipo amene anadzaza thabwa akhoza kusauka asanapume kawiri. Nyumba nayo ili ngati nkhokwe: wanzeru amaisunga mpaka nthawi yoyenera, wopupuluma amaigumula msanga kapena kudyeredwa yonse. Katswiri amawerenga mumtima kumene nkhomo yomaliza ikagwere pambuyo pozungulira thabwa kangapo, dzanja lisananyamule kanthu.

Amene analemba

Malamulo a masewera athuwa analembedwapo, koma osati ndi ife. Mu 1913, chaka chomwe Wells anatulutsa buku lake, dokotala wa boma la atsamunda ku Nyasaland, Meredith Sanderson, anasindikiza nkhani mu Journal of the Royal Anthropological Institute ku London yofotokoza masewera a anthu a kuno, kuphatikizapo bawo ndi ntchuwa. Sanderson yemweyo ndiye anamasulira buku la mbiri ya Ayao la Yohanna Abdallah mu 1919, ndipo analembanso dikishonale ya Chiyao imene inatuluka mu 1954. Zolemba zakezo za masewera zili m'Chingerezi, m'malaibulale amene osewera a pa Nselema sadzafikako.

Anzathu a ku Tanzania anachitapo kanthu. Mu 1966 anakhazikitsa bungwe la Chama cha Bao, ndipo mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Julius Nyerere, ankadziwika kuti ankakonda masewerawa. Mu 1995 wofufuza wa ku Netherlands, Alex de Voogt, anatulutsa buku la kafukufuku wake pa akatswiri a bawo a ku Zanzibar, pofuna kumvetsa mmene ubongo wa munthu umawerengera zinthu zovuta chotere popanda pepala. Malamulo a ku Zanzibar ndiwo afala padziko lonse, pamene athu, ndi nkhomo zathu 8 za m'nyumba, amangotchulidwa mongodutsa.

Zimene zasintha

Bawo silinafe. Limaseweredwa m'misika, m'madepoti ndi m'makwalala a matauni. Koma nthawi ya achinyamata yapeza eni ake ambiri: mpira wa ku England m'nyumba zoonetsera kanema, matebulo a pulu, foni, kubetcha, ndi kabaza amene salola munthu kukhala pansi. Anyamata ambiri a ku Machinga ndi Mangochi ali ku Joni. Otsala ambiri amadziwa mtundu wosavuta, woyika nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse popanda nyumba, umene kale unali wophunzirira ana.

Zipangizo nazo zasintha. Nkhomo zenizeni, njere zolimba zotuwa za chitsamba chaminga, zalowedwa m'malo ndi timipira tagalasi. Mitengo ya mlombwa ndi mbawa imene amisiri ankasema yachepa m'mapiri. Mathabwa okongola opinda pakati amagulitsidwa kwa alendo m'misika ya ziboliboli, ndipo ambiri amakathera pashelefu ku Ulaya.

Ntchito imene yatsala si yofuna ndalama zambiri. Magulu a chikhalidwe monga Chiwanja cha Ayao, nyumba zosungira zinthu zakale za ku Chichiri ndi ku Mangochi, pamodzi ndi aphunzitsi a m'sukulu za ku Machinga ndi Balaka, akhoza kukhala pansi ndi akatswiri amene adakali moyo n'kulemba malamulo onse m'Chiyao ndi m'Chichewa, kuphatikizapo kusiyana kwa kaseweredwe m'madera. Inunso owerenga, ngati kwanu kuli thabwa la agogo, litulutseni, mufunefune mkulu wodziwa bawo la nyumba, ndipo popita kukaphunzira mutenge mwana, kope ndi cholembera.