Cifanizo ca Maria ca ku Aparecida

Abale a m'makomboni, ku Brazil, dziko limene kale linali m'manja mwa Apwitikizi, kuli cifanizo ca Maria Woyera cimene cinapezedwa ndi anthu a nchito onga ife. M'caka ca 1717 bwanamkubwa anali kudzera pa mudzi wa Guaratinguetá, ndipo akulu a mudziwo anatuma asodzi atatu, Domingos Garcia, João Alves ndi Filipe Pedroso, kukapha nsomba za phwando mu mtsinje wa Paraíba. Nsomba zinakana. Khoka linangobvuula thupi la cifanizo lopanda mutu. Ataponyanso, mutu unabwera. Mbiri yace imati pambuyo pace nsomba zinadzaza bwato.

Cifanizoco ncacing'ono, sicifika masentimita 40. Sanaciseme mu mtengo ai: anaciumba ndi dothi naciocha pamoto, monga acitira amai ndi mbiya. Akatswiri ambiri amati anaciumba ndi mmonke, Agostinho de Jesus, m'zaka za m'ma 1600. Poyamba cinali copakidwa utoto, koma matope a mu mtsinje ndi utsi wa makandulo zinacidetsa bii. Pedroso anacisunga kwace zaka 15, anansi namabwera kudzapemphera, kacisi kulibe.

Mu 1930 Papa Pius XI analengeza Maria wa ku Aparecida nkhoswe ya Brazil. Koma pa 16 May 1978 mnyamata wina anacigwetsa, cinasweka zidutswa zoposa 200. Ndani mwa ife anamatapo mbiya yosweka cotero? Mai wina waluso, Maria Helena Chartuni, anazilumikiza cimodzi-cimodzi ku São Paulo, ndipo mu August caka comweco cifanizo cinabwerera kwao.