Burgundy: Minda ya Mpesa Imene Analima Amonke

Inu acinyamata a ku Matero, Kanyama ndi Chawama, vinyo mumamuona m'cikho ca wansembe pa Misa. Koma kodi mudziwa kuti ku France kuli dera limene vinyo wake anachuka cifukwa ca manja a anthu opemphera? Deralo ndi Burgundy, kum'mawa kwa dzikolo, kumene kuli mizinda ya Dijon ndi Beaune.

Mpesa unafika kumeneko m'nthawi ya Aroma, koma amene anaukuza ndi amonke, amuna odzipereka kwa Mulungu okhala pamodzi m'nyumba za mapemphero. Nyumba ya Cluny inayamba m'caka ca 910, ndipo ya Cîteaux mu 1098. Amonke anafuna vinyo wa Misa, wa odwala ndi wa alendo, motero anagwira okha makasu.

Nchito imeneyi siinali ya munthu wothamanga mtima. Mpesa umatenga zaka ngati zitatu usanabale zipatso zoyamba. Caka ndi caka amonke anali kuyang'anitsitsa nthaka, kufikira anazindikira kuti minda iwiri yoyandikana imapatsa vinyo wosiyana kukoma. Minda yabwino anaizinga ndi mipanda ya miyala. Wochuka mwa yonse ndi Clos de Vougeot, wa mahekitala 50, umene mpanda wake unatha ca m'ma 1336.

Vinyo wofiira wa ku Burgundy amacokera ku mphesa zochedwa Pinot Noir, ndipo woyera ku Chardonnay. Mu 1395 mfumu ya deralo, Philip the Bold, inalamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe, poopa kuti zingaononge dzina la vinyo wa m'dziko lake.

Osauka nawonso anapindula. Mu 1443 Nicolas Rolin ndi mkazi wake Guigone de Salins anamanga cipatala ca amphawi ku Beaune. Anthu okoma mtima anacipatsa minda ya mpesa, ndipo kufikira lero vinyo wa m'mindamo amagulitsidwa mwezi wa November uliwonse kuti ndalama zithandize odwala.

Mavuto sanalephere kubwera. Anthu ataukira mfumu ya France mu 1789, boma latsopano linalanda minda ya Mpingo ndi kuigulitsa. Clos de Vougeot tsopano ili ndi eni ake pafupifupi 80. M'zaka za m'ma 1870 kacilombo kochedwa phylloxera kanadya mizu ya mpesa, ndipo alimi anapulumuka polumikiza mpesa wao pa mizu yocokera ku America. Mu 2015 bungwe la UNESCO linaika minda imeneyi pa mndandanda wa malo a cuma ca dziko lonse.

Nanga amonkewo sanasanduke zidakwa? Lamulo la Benedikito Woyera linalola kamuyeso kocepa pa tsiku, ndipo linacenjeza kuti asamwe mpaka kukhuta. Cimene anasiya m'mbuyo mwao ndi minda, luso ndi dzina labwino.

Taganizani za m'makomboni mwathu. Kacasu amaphikidwa mwamsanga ndi kumwedwa popanda muyeso. Tujilijili tunapha tsogolo la anzanu ambiri boma lisanatuletse mu 2012. Munda wa amonke wakhala zaka zoposa 600 ukudyetsa anthu. Mukakumana m'gulu lanu la acinyamata, funsanani kuti: ife tikubzala ciani cimene adzukulu athu adzakolola?