Elimo Njau ndi Zithunzi za m'Chalichi ca ku Fort Hall

Elimo Njau anabadwa m'caka ca 1932 ku Marangu, m'mphepete mwa phiri la Kilimanjaro, m'dziko limene pa masiku amenewo linali kuchedwa Tanganyika. Iye anali wa mtundu wa Acaga, ndipo analeredwa m'banja la Cikristu. Akulu-akulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cotero mnyamatayo atatsiriza maphunziro a kwao, anapita ku sukulu yaikuru ya Makerere ku Uganda, kumene Dona Margaret Trowell anayambitsa sukulu yophunzitsa luso la zojambula m'caka ca 1937. Donayo anali kulimbikitsa ophunzira ace kuti asamangotsanzira zithunzi za ku Ulaya, koma kuti ajambule anthu, mapiri ndi midzi imene maso ao anaizolowera.

Pa nthawi imeneyo m'dziko la Kenya munali mabvuto akuru. Akikuyu ambiri anali ndi cidandaulo cifukwa ca minda yao imene inatengedwa ndi Azungu, ndipo kagulu ka Mau Mau kanayamba kulumbiritsa anthu kuti amenye nkhondo. M'mwezi wa October 1952 Boma linalengeza kuti dziko liri pa ngozi. Anthu zikwi-zikwi anatsekeredwa m'misasa ya ukaidi, ndipo ambiri anafa m'manja mwa asilikari a Boma. Akristu ena anakana lumbiro lija, nati sangathe kumwa mwazi wa mbuzi popeza anamwa kale cikho ca Ambuye, ndipo ena a iwo anaphedwa ndi anthu a mtundu wao womwe.

Mpingo wa Anglican unatsimikiza zomanga chalichi ku Fort Hall kuti cikhale cikumbutso ca anthu ofera cikhulupirirowo. Mwala wa pa maziko unaikidwa m'caka ca 1955 ndi Geoffrey Fisher, Bishopu Wamkuru wa ku Canterbury. Nchito yokometsa makoma ace inapatsidwa kwa Njau, amene anali asanakwane zaka 30, ndiponso anali mlendo pakati pa Akikuyu. Iye anayamba wayendera midzi yao ndi kuona kamangidwe ka nyumba, kabvalidwe ndi kadyedwe kao.

M'caka ca 1959 zithunzi zazikuru zisanu zinaoneka pa khoma: kubadwa kwa Yesu, ubatizo wace, Mgonero wa Ambuye, pemphero la m'munda wa Getsemane, ndi imfa yace pa mtanda. M'zithunzi zonsezi Yesu ndi munthu wakuda. Abadwira m'mudzi wa nyumba zozungulira zofolera ndi udzu, abatizidwa pa mathithi a mtsinje wa m'dziko lomwelo, ndipo adya cakudya cotsiriza ndi ophunzira ace monga adyera anthu a kumudzi.

Nkhani imeneyi siinali yaing'ono. Kufikira masiku amenewo ana ambiri a sukulu za misyoni anali kuona Yesu wa khungu loyera m'mabuku ndi pa makoma, kotero kuti anthu otsutsa Cikristu anali kunena kuti cimeneci ndi cipembedzo ca atsamunda, ndi kuti Mkikuyu wopemphera wagulitsa mtundu wace. Mkazi wamasiye amene mwamuna wace anaphedwa cifukwa cokana lumbiro anali kumva mau otere kawiri-kawiri. Polowa m'chalichi cija, iye anapeza pa khoma Mpulumutsi wa nkhope yonga ya mwana wace, akuzunzika pakati pa mapiri a kwao. Zithunzizo zinalinso ndi mau kwa Azungu olamulira, pakuti wopacikidwayo anali wa khungu limodzi ndi anthu amene iwo anawatsekera m'misasa.

Kenya inalandira ufulu wodzilamulira m'caka ca 1963, ndipo dzina la Fort Hall linasinthidwa kukhala Murang'a. Chalichi cija cinasanduka likuru la Bishopu, ndipo cidziwika ndi dzina lakuti St James and All Martyrs. Njau sanalekere pomwepo. M'caka ca 1965 iye ndi anzace anatsegula nyumba yoonetseramo nchito za amisiri ku Nairobi, naicha Paa ya Paa, ndiko kunena m'Ciswahili kuti gwape auluka. Anatsegulanso ina, yochedwa Kibo, kwao ku Marangu. M'nyumba zimenezi anyamata ndi atsikana ambiri anaphunzira kujambula ndi kusema, napezanso pogulitsira nchito za manja ao.

Tsoka linagwa m'caka ca 1997, pamene moto unatentha Paa ya Paa, nuononga zithunzi, ziboliboli ndi mabuku amene anasonkhanitsidwa pa zaka zoposa 30. Njau sanataye mtima, koma anapitiriza kulandira ophunzira pa bwinja lomwelo. Zithunzi zisanu za ku Murang'a sizinakhudzidwe ndi ngoziyo popeza ziri pa makoma a chalichi, ndipo alendo ocokera m'maiko akutali amapita kukaziona kumeneko.