Tchana wa agogo ku St Mary's

Agogo anga aamuna anachoka ku Chiradzulu m'nthawi ya Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anadzera ku Tete ndi ku Mutoko popita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo kumudzi sanabwererenso, anatchona. Ine ndinabadwira ku St Mary's, komboni imene mu 1978 anaiphatikiza ndi Zengeza ndi Seke kupanga Chitungwiza. Pashelefu pathu pankakhala kachitini ka tchana, kamene mbale wina anabwera nako kuchokera ku Limbe.

Chilala cha 1992 chitapsereza chimanga, agogo anati, "Kwathu chaka chotere tinkapulumukira tchana." Mu Malichi anadzala kuseri kwa nyumba monga ankachitira ali mnyamata. Tchanayo anamera, masamba anachita chikasu, ndipo anauma asanachite maluwa. Agogo anati mbewu inali itakalamba. Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira zomwezo.

Mbewuyi inayenda ulendo wautali kuposa wa agogo. Anthu anayamba kuilima zaka zoposa 9,000 zapitazo chakummwera kwa dziko limene lero ndi Turkey. Pano woposa theka la tchana wa padziko lonse amalimidwa ku India, ndipo dzina lathuli linachokera ku mawu awo akuti chana. Amwenye amene anatsegula masitolo ku Blantyre ndi ku Limbe m'nthawi ya atsamunda ankamudya ndi kumugula, alimi a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Phalombe n'kupeza msika.

Tchana amapirira chilala chifukwa amamwa madzi amene dothi linasunga kale. Muzu wake umatha kupitirira mita imodzi pansi. Kwawo kwa agogo amamudzala mvula ikamatha, m'katondo kapena m'makande amene amagwira chinyezi, ndipo chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimathandizira. Dothi la kuno ndi mchenga wochokera ku miyala ya nsangalabwi. Madzi amangodutsa ngati m'sefa, ndipo miyezi yozizira imatha popanda mvula.

Chikasu chija chinali njala. Mbewu za m'gulu la nyemba zimapeza nayitrojeni mothandizidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'timatuza ta kumizu. Tchana ali ndi tizilombo take take, ndipo m'nthaka imene sanalimidwepo nthawi zambiri mulibe. Timatuzato timafunanso fosiforasi, pomwe mchenga wa kuno ndi wosauka pa fosiforasi ndi zinki yemwe. Michere imeneyi imafika kumuzu kudzera m'madzi, choncho nthaka ikauma mbewu imamva ludzu ndi njala nthawi imodzi.

Akatswiri alimbana ndi zimenezi kwa nthawi yaitali. Bungwe la ICRISAT, limene linakhazikitsidwa ku India mu 1972, lili ndi malo ofufuzira ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe komanso ku Matopos pafupi ndi Bulawayo. Mtundu wake wa ICCV 2 umacha m'masiku pafupifupi 90, chinyezi chisanathe. Ku Grasslands, ku Marondera, amaweta tizilombo topaka kumbewu ya soya ndi ya nyemba asanadzale. Agogo anamwalira asanamve za izi.

Mu Epulo 2024 boma la Zimbabwe linalengeza kuti chilala chadzetsa ngozi m'dziko. Ndili pamzere wa pamjigo ndinakumbukira kachitini kaja. Chaka chotsatira ndinaitanitsa tchana wina ku Limbe, ndinatuta dothi la pachulu, ndinasakaniza ndi manyowa a nkhuku, n'kudzala mizere inayi pomwe paja agogo anadzala. Ndinkathirira madzi otsukira mbale. Ndinakolola makapu awiri. Kapu imodzi tinaphika, amayi akulawa mchere. Inayo ili m'kachitini.